Mmene ndinapanikizira simfoni ya Beethoven kuti ikwane anthu asanu

Simfoni nambala 7 ya Beethoven inalembedwera okesitira yathunthu, mafuluti awiri, ma oboe awiri, makilarineti awiri, ma bassoon awiri, ma horn awiri, malipenga awiri, ng'oma za timpani, kenako khamu lonse la oimba zingwe. Ife pagulu lathu tilipo asanu basi, vayolini awiri, chelo, kilarineti ndi ine pa kiyibodi. Koma mtima unali pa gawo lachiwiri lija, Allegretto, lomwe tsiku loyamba kuliimba ku Vienna pa 8 December 1813 anthu anakakamira kuti libwerezedwe pompo. Ndiye kwa inu amene muli ndi kagulu ngati kathu, njira yake ndinayenda chonchi.

Poyamba chotsani kaye maganizo oti mukuononga nyimbo ya mwini wake. Kale kulibe wailesi anthu ambiri simfoni ankaimvera pakhomo, momwemu. Wolemba nyimbo wina, Hummel, anakonza masimfoni a Mozart ndi a Beethoven kuti aziimbidwa ndi piyano, fuluti, vayolini ndi chelo, anthu anayi okha. Schoenberg, naye wolemba nyimbo, mu 1918 anayambitsa bungwe ku Vienna lomwe linkaimba nyimbo zikuluzikulu ndi anthu ochepa poti ndalama zolipira okesitira panalibe, kumeneko ndi komwe Erwin Stein anachepetsa simfoni nambala 4 ya Mahler mu 1921, chaka chomwecho bungwelo n'kugwa ndalama ya ku Austria itatha mphamvu. Ndiye umphawi wa zida si wathu tokha ayi.

Sikowa, mapepala a manoti a nyimbo yonse, ndinaitenga pa webusaiti ya IMSLP, ndi yaulere poti Beethoven anamwalira mu 1827. Tengani sikowa yonse yoonetsa chida chilichonse, osati zija anazichepetsa kale za piyano, chifukwa pamenepo munthu wina anakusankhirani kale zotaya ndipo simudziwa chomwe anataya. Ndinaipulinta, n'kukhala nayo ndi mapensulo amitundu nyimbo ikulira m'makutu, chofiira pa nyimbo yeniyeni, chobiriwira pa nyimbo yachiwiri yoyenda pambali, chabuluu pa besi, mawu apansi aja. Zomwe zatsala zosapakidwa ndiye zokambirana. Mudzadabwa kuti tsamba looneka lodzadza nthawi zambiri muli zinthu zitatu kapena zinayi zokha, enawo akungobwereza noti yomweyo pamwamba kapena pansi. Zili ngati kusamuka m'nyumba yaikulu kupita ya chipinda chimodzi, bedi ndi mbaula zilowa, mipando inayo itsale.

Kenako pamabwera mutu weniweni, zida zomwe zimalemba china n'kulira china. Kilarineti ya m'gawoli ndi ya A, ukaona C papepala chotuluka ndi A wa pansi pake. Mnzathu wa kilarineti ali ndi ya B flat yokha, ndiye zonse zinafunika kusuntha. Mbali ya A minor zinamuyendera, masharp awiri basi, koma pakati paja nyimbo ikalowa A major pomwe kilarineti ndiye mwini nkhani, iye pepala lake linakhala B major, masharp asanu, anangoliyang'ana n'kundifunsa kuti achimwene ndinakulakwirani chani. Palibe mochitira, kupatula kutsitsa nyimbo yonse, zomwe a zingwe sakanalola chifukwa A minor imawakhalira bwino pa zala. MuseScore, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera manoti, imathandiza, nayonso ndi yaulere, lembani zonse momwe zimamvekera kenako iyo isunthe yokha mbali ya kilarineti, koma muonenso ndi maso anu ngati noti sinapitirire pomwe chidacho chimathera.

Viola tilibe, ndipo oliza ndi mpweya akangoliza kodi yoyamba (manoti angapo olira pamodzi), nyimbo ya gawoli amaiyamba ndi ma viola, machelo ndi mabesi. Viola imatsika mpaka C pomwe vayolini imathera pa G, ndiye sungangopatsa vayolini wachiwiri pepala la viola n'kumati zatha. M'gawo lonseli manoti otsikitsitsa a viola ndinawagawa pakati pa chelo ndi kunsi kwa kilarineti, kumene kuli mawu akuda bwino osakuwa.

Chomwe chinandidyera nthawi kwambiri ndi ichi. Mphamvu ya Allegretto ili pa kuunjikana. Kugunda ndi komweko, yaitali, ziwiri zazifupi, zazitali ziwiri, kumangobwerezedwa, koma ulendo uliwonse kukulowa gulu lina, oyamba apansi aja, kenako vayolini achiwiri atenga nyimbo ma viola ndi machelo n'kuyamba ina yolira pambali, kenako vayolini oyamba pamwamba, mpaka onse oliza ndi mpweya ndi timpani agwera pamodzi nyumba n'kudzadza. Anthu asanu mukangoyamba nonse pa bala yoyamba (bala ndi kachigawo kakang'ono ka sikowa) ndiye kuti pofika pachimake mulibe wina womuitana, mungokanda zingwe mwamphamvu phokoso lokhalokha. Ndiye ntchito yaikulu inali yoletsa anthu kuimba. Ulendo woyamba chelo ndi dzanja langa lamanzere basi, motsitsa kwambiri. Wachiwiri vayolini wachiwiri alowa, chelo atenga nyimbo yolira ija, besi yatsala kwa ine. Wachitatu vayolini woyamba. Kilarineti, kodi yoyamba ija itatha, ndinamukhazika chete mpaka pachimake penipeni, ndi pomwenso ine ndinatsegula manja onse awiri, makodi odzadza ndi ma octave pansi m'malo mwa timpani. Vayolini woyamba anadandaula kuti akhala nthawi yaitali osagwira kanthu, koma atalowa aliyense m'chipindamo anamva kuti kwalowa munthu.

Inu a kiyibodi anzanga, ulesi umatinyenga kuti chilichonse chosowa mwini tichiponye kwa ife. Mukatero yasanduka nyimbo ya piyano enawo akungoperekeza. Komanso mabatani aja olembedwa strings kapena brass asiyeni, pambali pa vayolini weniweni amamveka ngati pulasitiki. Ine ndinakhala pa mawu a piyano, kupatula kodi yoyamba ija ya oliza ndi mpweya yomwe imafunika kugwira kenako n'kuzilala, pamenepo kilarineti ndi zingwe amaigwira bwino kuposa ine.

Kagawo kothamangitsana kaja, komwe zingwe zimalowa mmodzimmodzi motsitsa, sikanavute n'komwe, kanalembedwa kale ngati ka anthu ochepa. Kumapeto komwe nyimbo imadukaduka kuchoka pa chida china kupita pa china, ndinasinthanitsa kilarineti ndi kiyibodi, a zingwe akudola ndi zala.

Zomwe kompyuta ikuimba musazikhulupirire kwambiri, iyo sipuma mpweya ndipo chala sichiipweteka. Pulakatisi yoyamba pitani ndi pensulo, muimbe pang'onopang'ono, aliyense anene pomwe pakumupinga. Wa kilarineti anapempha popumira, wa chelo anandionetsa manoti awiri omwe sangagwirike limodzi, tinachotsa imodzi palibe anaisowa. Mukamapulinta komaliza onetsetsani kuti tsamba likuthera pomwe munthuyo ali ndi mabala opuma, ikani manambala a mabala ofanana kwa onse, ndipo amene wakhala chete nthawi yaitali mulembereni timanoti tating'ono ta mnzake kuti adziwe polowera. Pa pulogalamu ya konsati lembani dzina la Beethoven pamwamba, pansi pake kuti yakonzedwera zida zisanu ndi dzina lanu, kuti wina akapeza noti yachilendo adziwe wokamufunsa.