Tinapita ku Zomba ndi asilikali, osadziwa kuti tasiya amtengatenga

Loweruka lapitali tinanyamuka ku Limbe anthu asanu ndi awiri cha m'ma 7 koloko m'mawa, aliyense atafungatira kabokosi kake pamiyendo ngati wanyamula mazira. Kondakitala ankafuna kuti mabokosiwo apite kumbuyo komwe kunali matumba a mbatata, ife tinakanitsitsa. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anapirira mpaka pa Namadzi, kenako anafunsa kuti, "Achimwene, muli nkhunda m'menemo?" Nditatsegula n'kuona tiasilikali tapulasitiki titandanda pathonje, anaseka mpaka misozi. Akuti bambo wandevu ngati ine kusewera ndi zidole.

Kwa amene simunaonepo: timagula tizidole ta asilikali a m'mbiri, ta sikelo ya 1/72, kutalika kwake kosaposa masentimita awiri ndi theka. Timatikonza, kutipenta, kenako n'kumenyanitsa magulu awiri patebulo, kuyeza mtunda ndi tepi, madayisi n'kumagamula ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya. Anzathu a ku Zomba anatiitana kuti tikaone ntchito zawo, ifenso tikaonetse zathu.

Anatichingamira pa chipilala chanjerwa zofiira chokumbukira asilikali a King's African Rifles (KAR), gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, polowa mumzinda. Mkulu wawo, mphunzitsi wopuma ntchito, sanalole kuti tidutse osaimapo. Anatikumbutsa kuti KAR inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ake awiri oyambirira anali a kuno kwathu. Dzina la Cobbe Barracks, yomwe ili chapafupi pomwepo, linachokera kwa Alexander Cobbe, amene analandira mendulo ya Victoria Cross chaka chomwecho ku Erego, ku Somaliland, akumenya nkhondo pamodzi ndi asilikali ochokera kuno. Ine ndinkangogwedeza mutu, mtima uli ku bokosi langa, chifukwa ndinkadziwa kuti ndabweretsa zinthu zooneka bwino.

Kunyadako kunatha titangofika ku Matawale, m'galaja momwe amakumana. Ndinafoletsa asilikali anga makumi anayi patebulo, onse atavala tizisoti tofiira tija totchedwa fez. Aphunzitsi anatenga mmodzi, anamuyang'ana mbali zonse magalasi ali pamphuno.

"Dzanja muli nalo, achimwene. Koma awa ndi a ku Kenya kapena a ku Uganda?"

"Ayi aphunzitsi, ndi athu a ku Nyasaland."

"Ndiye mwawaveka chisoti cha eni."

Magulu a kuno ankavala fez yakuda pa perete, yofiira inali ya anzawo a kumtunda. Ndipo kutchire, nkhondo ya 1914 isanafike, ankavala juzi yabuluu woderako, kabudula wa khaki, nsalu zokulunga kumiyendo, fez itakutidwa ndi nsalu ya khaki yokhala ndi kachipepero kotchinga khosi kudzuwa. Ambiri ankayenda osavala nsapato kapena atavala nkhwayira. Masabata atatu ndinkagona mochedwa kupenta kufiira kuja! Mnzanga wa ku Ndirande, amene ndinkamuseka kuti asilikali ake ndi othimbirira, tsikuli anayenda chodzikweza.

Chimene ndinapindula kwambiri ndi mmene iwo amasandutsira chidole kukhala china. Asilikali a KAR sapezeka m'masitolo mwathu, ndipo kuitanitsa kunja ndalama yake mukuidziwa. Ndiye amatenga zidole za kampani ya Airfix za asilikali a Britain a Eighth Army, amene anamenya m'chipululu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, chifukwa iwowo avala kale makabudula. Mnyamata wina wophunzira pa yunivesite anationetsa pang'onopang'ono. Amadula chisoti chachitsulo ndi lezala yatsopano molingana ndi nsidze, amaboola kamutuko ndi singano yotenthetsa, amalowetsamo kawaya, ndiye pakawayapo amaumbapo fez ndi Milliput, phala la mitundu iwiri lomwe ukalikanda pamodzi limauma gwa pakapita maola angapo. Kachidutswa kake ndi kochepa kuposa njere ya mpunga. Kawaya kaja n'kofunika, chifukwa pulasitiki yofewayi imakana supa guluu, ukangomata chisoti chimathothoka tsiku lomwelo. Nsapato amazipala mpaka zione ngati phazi, zala amazilemba ndi nsonga ya singano. Asanapente amatsuka zidolezo ndi sopo wotsukira mbale, n'kuzipaka guluu wamatabwa wosungunula ndi madzi, apo ayi penti imakanganuka mfuti ikangopindika. Pansi amamatapo mawashala a ku hadiweya kuti msilikali asagwe, n'kuwazapo mchenga wosefa wa mu Likangala.

Khungu anatiphunzitsa ndi mayi mmodzi yekha amene ali m'gulu lawo, amene masiku onse amasoka zovala mumsika. Ine ndimayamba ndi bulauni wakuda, kenako powalitsa masaya ndi mphuno ndimathirako penti yoyera. Iye anati ndi chifukwa chake asilikali anga amaoneka mbuu ngati mwana wosadzola mafuta mu Julayi. Iye amathira kadontho kofiirira kapena ka olenji, ndipo sapenta gulu lonse mtundu umodzi. "Mukalowa m'tchalitchi, anthu onse amafanana khungu?" Pamenepo tonse tinangoti zii.

Masana tinasewera nkhondo ya ku Karonga ya pa 9 Sepitembala 1914, pamene Ajeremani anawoloka Songwe n'kuukira boma, gulu lalikulu la Kaputeni Barton, mtsogoleri wa asilikali a kuno, litalowera kumpoto kukawasaka, magulu awiriwo atasemphana osaonana. Nyanja inali chitenje chabuluu, mitengo inali ya waya ndi chinkhupule chopenta. Tisanayambe, aphunzitsi anafunsa kuti amtengatenga athu ali kuti. Tinayang'anana. Mwa ife asanu ndi awiri panalibe amene anali ndi ngakhale mmodzi.

Iwo anatulutsa thireyi yodzaza. Amuna makumi atatu opanda mfuti, ena atasenza mabokosi a zipolopolo, ena matumba a ufa, anayi atanyamula machila. Onsewo anali asilikali omwe aja poyamba. Amawachotsa mfuti ndi malamba, amawaviika m'madzi otentha kuti manja apindikire kumutu, n'kuwaponya m'madzi ozizira kuti aume chomwecho. Nsalu ya m'chiuno ndi tishu wonyowetsa ndi guluu, mabokosi ndi mitengo ya machesi, nkhata ndi ulusi wopota. Wina anamupanga atawerama, katundu atapendekera, dzanja limodzi lili pabondo. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali kuposa asilikali onse aja.

Aphunzitsi anati pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, amuna a dziko lino amene anagwira mfuti anali pafupifupi 19,000, koma osenza katundu anayandikira 200,000, ambiri ochita kugwidwa m'midzi, ndipo ochuluka anafa ndi njala ndi matenda m'njira za ku Tanganyika ndi Mozambique mpaka mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, atagonja ku Abercorn (Mbala ya ku Zambia) mu Novembala 1918. Agogo awo aamuna anali m'gulu limenelo. Choncho m'malamulo awo, gulu lopanda amtengatenga pafupi limawombera maulendo atatu basi, kenako zipolopolo zatha. Anatibwereka khumi. Ife, pozolowera kuthamangira kutsogolo, tinawasiya kutsidya kwa mtsinje, ndipo pofika ulendo wachinayi asilikali anga a zisoti zofiira anangoima njo, mfuti zili m'manja, chiwaya cha Ajeremani chikuwathyola. Ku Karonga kwenikweni Ajeremani ndiwo anagonja, koma ku Matawale ife tinawapatsa boma.

Chodandaula chilipo chimodzi. Nkhomaliro inatenga maola awiri athunthu chifukwa tinapita kukadya kutauni m'malo monyamula kamba, ndiye masewera achiwiri amene tinagwirizana sanachitike. Ulendo wina tisadzabwerezenso zimenezo.

Tinagwirizana kuti iwo abwera ku Blantyre mvula isanayambe, ndipo adzatipeze tili ndi amtengatenga makumi awiri opanga tokha. Msungichuma wathu alandira zopereka zogulira Milliput mabokosi awiri, malezala aliyense agule yekha. Mayi wosoka uja anandigawira kabotolo ka penti yakuda ndi ka khaki. Lamlungu madzulo ndinayamba, ndipo pofika pano zisoti khumi ndi chimodzi zasintha, zatsala 29.