Mmene tinapopetsera septiki thanki yathu ku Area 25

Chinayamba ndi phokoso. Ukagejemula chimbudzi, madzi ankakwera mpaka pafupi ndi pakamwa, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono akulira gudugudu. Patatha sabata, kuseri kwa nyumba pamene pali sokawe, dzenje la miyala lolandira madzi ochokera mu septiki thanki, panayamba kunyowa ngakhale tsiku lopanda mvula, udzu wa pamenepo n'kubiriwira kuposa wa pabwalo ponse. Munali mu Januwale, choncho ine ndinkati ndi madzi a mvula basi. Mayi akunyumba ndiwo anandiuza kuti, "Bambo, fungo ili si la mvula."

Tinali titakhala m'nyumbayi zaka 6 osatsegulapo chivindikiro cha thankiyo n'kamodzi komwe.

Ndinaitana pulambala wachikulire wa m'dera lathu. Atatsegula zivindikiro zonse ziwiri anatiuza kuti tiime patali kaye, ana alowe m'nyumba, ndipo wina asayatse fodya kapena machesi pafupi. Mpweya wa m'menemo umayaka, komanso umakomola munthu m'kanthawi kochepa. Anthu amafera m'mathanki otere, ndipo nthawi zina amene walowa kukapulumutsa mnzake amatsalanso momwemo. Ndikupemphani, zivute zitani, musalowemo ndipo musatume mwana wa munthu kuti alowemo.

Kenako anatenga nsungwi yaitali, n'kukulunga nsanza yoyera kumunsi kwake, n'kuipisa mpaka inagunda pansi. Atadikira pang'ono anaizula mosamala. Pamene panathera kuda kwa nsanzayo ndi pamene panafika matope. Iye anati matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi, nthawi yopopa yakwana. Athu anali atadutsa theka.

Tsiku limenelo ndi limene ndinamvetsa ntchito ya thankiyi. Muli zipinda ziwiri. M'choyamba zolemera zimamira, mafuta ndi zopepuka zimayandama pamwamba, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timagaya zonyansazo pang'onopang'ono. Madzi a pakati okha ndiwo amayenera kudutsa kupita m'chipinda chachiwiri, kenako ku sokawe kuti akalowe m'nthaka. Potulukira pamakhala paipi yooneka ngati chilembo cha T, imene imatchinga zoyandama zija. Yathu inali itathyoka. Mafuta ndi matope zakhala zikupita ku sokawe kwa nthawi yaitali, n'kumata mipata ya miyala ndi dothi. "Bwana, ngakhale mupope lero, mukapanda kukonza uku muitananso galimoto mvula isanathe," anatero.

Galimoto yopopa inabwera m'mawa mwake. Mtengo tinagwirizana paipi isanatsitsidwe, ndipo ndinafunsa kuti ndi wa ulendo umodzi kapena wa thanki yonse, chifukwa galimoto ikadzaza ntchito isanathe ulendo wachiwiri umakhala ndi mtengo wake. Ndinafunsanso kumene akukataya. Funso limeneli ndimaliona lalikulu kuposa la ndalama. Kuno ku Lilongwe kuli malo oyeretsera zonyansa ku Kauma, ndipo ndiko ziyenera kupita, osati m'dambo kapena mumtsinje wa Lingadzi kumene amayi amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Sindikanafuna kuti pakhomo panga payere pamene zonyansa zanga zikukadwalitsa mwana wa wina.

Ndinaima pomwepo mpaka anamaliza, kuonetsetsa kuti apopa zipinda zonse ziwiri ndi matope omwe, osati madzi a pamwamba okha. Paipi yawo inatsekeka kawiri. Zimene zinaitseka zinali matewera otaya, mapadi ndi timapepala tonyowa topukutira ana, zonse zili zamphumphu ngati zaponyedwa dzulo. Pansi anasiya matope ochepa kuti tizilombo tija tisayambire pachabe.

Sokawe ndiyo inadya masiku ndi ndalama. Tinakumba ina yatsopano, kutali ndi mtengo wa mango umene mizu yake inali itayamba kale kufunafuna mapaipi, n'kuthiramo miyala yoyera. Tinayezanso ndi tepi kuti italikirane ndi chitsime cha aneba mamita osachepera 30.

Panopa m'chimbudzi muli kandowa ka chivindikiro kotayamo zonse zimene si pepala la kuchimbudzi. Mafuta otsala mupoto sitithira m'sinki, Jik timathira pang'ono, ndipo madzi a padenga tinawapatutsa kuti asamathere pa thanki. Ambiri amapopa pakatha zaka 3 mpaka 5, koma pakhomo pathu pamagona anthu 8, choncho sindidalira kuwerenga zaka. Nsungwi ija ndinaisunga kuseri kwa khitchini, ndipo mu Okutobala, mvula isanayambe, ndidzaipisanso.