Ganyu ya mapale ndi manda ku Mangochi

Achibale akandifunsa ntchito yanga ndimavutika kuyankha. Mwachidule, kampani ikafuna kumanga loji kapena kulambula msewu, imandituma kukaona ngati pamalopo pali manda, mapale akale kapena malo amiyambo, mathirakitala asanafike. Ganyu yotereyi ndi imene inandifikitsa ku Mangochi mwezi watha.

Nditatsika minibasi, thukuta lili kamukamu, ndinayamba ndaima pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, imene inamangidwa mu 1903 tauniyi ikadali Fort Johnston. Pafupi pomwepo pali mfuti ya sitima ya Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inawombera ndi kuwononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Zotere sizivuta kulemba mu lipoti, zili ndi zaka komanso mayina.

Zovuta zinali kumudzi, m'mbali mwa nyanja. Chifukwa cha phuma, ndinayamba kujambula ndi kuyeza malo ndisanaonekere kwa amfumu. Agogo ena amene ankayanika usipa pathandala anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Mwanangu, mudzi uno uli ndi eni ake. Mwawalonjera?"

Manyazi ake! Ndinapita kukapepesa, ndipo amfumu, ataseka pang'ono, anandipatsa bambo wina wachikulire woti ayende nane.

Mapu anga ankaonetsa kuti kuseri kwa milambe iwiri kuli tchire chabe. Titayandikira, bamboyo anaima.

"Achimwene, kamerayo ibwerere m'chikwama. Apa ndi pa ndagala."

Ndi pamene anyamata amagonera nthawi ya jando. Palibe chipilala, palibe njerwa, udzu ndi mitengo basi, koma mwamuna aliyense wa m'mudzimo anadutsapo. Pobwerera ndinatola phale lokhala ndi mizere m'khosi, ndipo mtima unagunda, pokumbukira kuti ku Nkope, m'boma lomweli, kunafukulidwa mapale a anthu oyamba kusula zitsulo. Bamboyo sanachite nalo chidwi n'komwe, akuti ana amaponyera mbalame.

Madzulo, nditakhuta nsima ya chambo, ndinatsegula fomu ya kampani. Imafuna chithunzi ndi kufotokoza kwa malo alionse. Phale lija ndinalilembera ndime yathunthu. Pa ndagala ndinangolemba kuti msewu ukhotere kumadzulo, ndipo wofuna chifukwa akafunse kwa amfumu.