Sabata imene tinkasanja nyengo zoopsa za 2023

Ku ofesi ya zanyengo, Januwale ndi mwezi wa ntchito ziwiri. Ulosi wa tsiku ndi tsiku suima, uyenera kutuluka kaya mwagona kaya simunagone, koma pamwamba pake pamabweranso ntchito yocheuka: kulemba lipoti la nyengo zoopsa za chaka chomwe changotha. Mu 2024 ntchitoyo inagwera ine ndi mnyamata wina amene ankaphunzira ntchito. Abwana anatiitana Lolemba pa 8 Januwale n'kunena kuti pofika Lachisanu akufuna masamba ochepa, oti munthu wosadziwa zanyengo awerenge n'kumva, okhala ndi zochitika khumi za 2023 padziko lonse, zosanjidwa kuyambira choopsa kwambiri.

Mnyamatayu ndi wachangu pa kompyuta. Tisanaweruke anali atabwera kale ndi mndandanda wake.

"Akulu, ndasanja potengera liwiro la mphepo," anatero.

Mndandandawo unali woona ndithu, ndipo 2023 inali ndi anamondwe amphamvu ambiri. Kanali koyamba m'mbiri yolembedwa kuti zigawo zonse zisanu ndi ziwiri za nyanja kumene kumabadwa anamondwe zikhale ndi namondwe wofika pa gulu la 5 m'chaka chimodzi: Freddy, Kevin, Ilsa, Mocha, Mawar, Jova ndi Lee. Gulu la 5 pa muyeso wa Saffir-Simpson limayambira pa mphepo ya makilomita 252 pa ola. Ndinamufunsa kuti Jova anagwetsa nyumba zingati. Anafufuza n'kupeza kuti Jova anabadwira panyanja ya Pacific mu Seputembala n'kuferanso panyanja pomwepo. Ndiye ndinamufunsa kuti, "Nanga achimwene, Daniel mwamuika pati?" Daniel panalibe. Mphepo yake pofika ku Libya inali ya makilomita 70 mpaka 80 pa ola, yochepa moti sakanaloledwa ngakhale pa gulu la 1. Koma ndiye namondwe amene anapha anthu ambiri kuposa wina aliyense chaka chimenecho.

Muyeso wa Saffir-Simpson umayeza mphepo basi. Sunena za kuchuluka kwa mvula, za liwiro limene namondwe akuyendera, kapena za zimene zili pansi pomwe mvulayo ikugwera. Kuweruza namondwe ndi mphepo yokha kuli ngati kugula ng'ombe poyang'ana kutalika kwa nyanga. Ine maganizo anga anali oti tisanje potengera zimene zinachitikira anthu, ndipo sabata yonse inathera pa mkangano umenewu.

Tinayamba ndi Freddy, chifukwa iyeyo amalowa pa mndandanda uliwonse, musanje mulimonse. Dzina anamupatsa ndi a zanyengo a ku Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, atabadwira kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo. Anawoloka nyanja yonse ya India kuchokera kum'mawa, ulendo umene anamondwe ochepa kwambiri anayendapo, monga Eline ndi Hudah mu 2000. Anadutsa kumpoto kwa Mauritius ndi Réunion, n'kugunda Madagascar pafupi ndi Mananjary pa 21 Febuluwale, kenako Mozambique pafupi ndi Vilankulo pa 24. Namondwe akalowa pamtunda amafa, chifukwa chakudya chake ndi madzi ofunda a m'nyanja, a madigiri 26.5 kupita m'mwamba. Freddy anafooka koma sanafe. Mphepo zam'mwamba zomwe zimatsogolera anamondwe zinamubwezera m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, anapezanso mphamvu, n'kukhotera kumpoto chakumadzulo mpaka kugunda pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Pa nthawi imene tinkalemba, komiti ya WMO, bungwe la zanyengo la dziko lonse lapansi, inali ikuunikabe za kutalika kwa moyo wake. Mu Julaye 2024 inatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa John wa 1994 amene anakhala masiku pafupifupi 30.

Chimene ndinafuna kuti mnyamatayu aone n'chakuti masiku amene Freddy anali pa gulu la 5 anali pakati pa nyanja, kopanda munthu. Pamene ankapha anthu kum'mwera kwa Malawi, mphepo yake inali itatha mphamvu. Chinatsala ndi chimtambo chachikulu choyenda pang'onopang'ono, chokoka mpweya wachinyezi kuchokera kunyanja n'kuukankhira pa phiri la Mulanje ndi mapiri ozungulira Blantyre. Mpweya ukakakamizidwa kukwera phiri umazizira n'kutaya madzi ake onse pamalo amodzi. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita iliyonse, ndiye werengani nokha kuti paphiri lonse panatsika madzi ochuluka bwanji, pa nthaka yomwe inali itakhuta kale kumapeto kwa dzinja. Napolo anatsika ku Soche kupita ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Omwalira ndi osowa ku Malawi anaposa 1,200, othawa m'nyumba zawo anaposa 600,000, ndipo zonsezi zinapeza dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera. Ku Mozambique, kumene mphepo inafikira ili ndi mphamvu zake, omwalira anali oposa 180.

Lachiwiri ntchito inasokonekera pang'ono chifukwa bungwe la Copernicus la ku Europe linatulutsa ziwerengero zake, ndipo mafoni a atolankhani anayamba kulira. Chaka cha 2023 chinali chotentha kuposa chaka chilichonse cholembedwa kufikira nthawi imeneyo: madigiri 14.98 kutentha kwapakatikati kwa dziko lonse, kuposa zaka za 1850 mpaka 1900 ndi madigiri 1.48. Atolankhani onse ankafunsa chimodzimodzi, ngati El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific komwe kumasintha nyengo padziko, ndi amene anachititsa. Ndinkawayankha kuti El Niño analipo, WMO inalengeza za kuyamba kwake mu Julaye, koma iyeyo amangowonjezera pa kutentha komwe kwakhala kukukwera zaka zambiri. Ndinkawauzanso chinthu chimodzi chimene chimalumikiza nkhaniyi ndi ya mvula: mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula chinyezi chochuluka ndi 7 peresenti.

Kutentha kunativuta kuika pa mndandanda. Ziwerengero za madigiri zilipo. Ku Phoenix m'dziko la United States kunatha masiku 31 otsatizana kutentha kukufika madigiri 43.3 kapena kuposa. Ku Sanbao m'dziko la China kunafika 52.2 pa 16 Julaye, ku Agadir m'dziko la Morocco 50.4 mu Ogasiti. Koma munthu wofa ndi kutentha amalembedwa kuti wafa ndi mtima kapena impso, ndipo chiwerengero chenicheni chimatuluka mochedwa. Cha chilimwe cha 2022 ku Europe, anthu oposa 61,000, chinatuluka patatha chaka. Tinangogwirizana kuti kutentha kukhale ndi tsamba lakelake, lopanda nambala ya malo. Moto wa m'nkhalango za ku Canada, umene unatentha mahekitala pafupifupi 15 miliyoni n'kutumiza utsi mpaka ku New York mu Juni, tinauika pomwepo, limodzi ndi wa ku Lahaina ku Hawaii umene unapha anthu pafupifupi 100 mu Ogasiti.

Lachitatu lonse linapita ndi Daniel. Anayambira ku Greece kumayambiriro kwa Seputembala, kumene mudzi wa Zagora unalandira mamilimita oposa 750 m'tsiku limodzi ndipo chigwa cha Thessaly chinasanduka nyanja. Kenako anatsikira panyanja ya Mediterranean, yomwe inali yofunda kwambiri chaka chimenecho, n'kufika kum'mawa kwa Libya pa 10 Seputembala. Ku Al-Bayda kunagwa mamilimita 414 m'maola 24, kudera limene mwezi wa Seputembala nthawi zambiri umadutsa ndi timadontho chabe. Madziwo anatsikira m'chigwa cha Wadi Derna, mmene munali madamu awiri omangidwa m'zaka za m'ma 1970. Usiku wa pa 10 kuchera pa 11 onse awiri anaphulika, ndipo madzi anadutsa pakati pa mzinda wa Derna n'kukokolera nyumba zosanja, misewu ndi milatho m'nyanja, anthu ali m'tulo.

Apa tinakangana za nambala. Mnyamatayu anapeza 11,300, chiwerengero chimene chinafala m'masiku oyambirira. Ndinamuonetsa kuti patangopita masiku ochepa bungwe la United Nations linachitsitsa kufika pafupifupi 4,000, powerenga imfa zotsimikizika zokha. Tinalemba kuti omwalira otsimikizika ndi oposa 4,000, osowa ndi oposa 8,000. Kulemba motere sikuchepetsa tsoka. Lipoti la ofesi ngati yathu limakoperedwa ndi ena kwa zaka zambiri, ndipo nambala yolakwika ikangolowamo sichokanso.

Chimene chimandiwawa pa Derna n'chakuti anzathu a zanyengo a ku Libya anachenjeza kutatsala masiku atatu. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Omar Al-Mukhtar anali atalembanso mu 2022 kuti madamuwo akufunika kukonzedwa mwamsanga, apo ayi mvula yaikulu idzabweretsa ngozi mumzindawo. Ulosi wa mvula unali wolondola. Koma wolosera mvula salosera za khoma la damu, ndipo uthenga woti "kugwa mvula yambiri" siufanana ndi woti "chokani m'chigwa usiku uno". N'chimodzimodzi ndi Freddy: njira yake inkadziwika masiku angapo asanafike, machenjezo anatuluka, komabe munthu wokhala m'tsinde mwa phiri ankamva za mphepo ndi za mitsinje yosefukira kuchigwa, osati za phiri lomwe lili kumbuyo kwa nyumba yake.

Lachinayi abwana anawerenga zomwe tinali titalemba n'kufunsa chifukwa chake Otis ali pansi chonchi. Ndinawamvetsa, chifukwa kwa ife a ntchito imeneyi Otis ndi amene amatisowetsa tulo. M'mawa wa pa 24 Okutobala anali namondwe wamba kugombe la Mexico, ndipo makompyuta olosera ankaonetsa kuti sakula kwenikweni. Ndege ya ofufuza anamondwe italowa mkati mwake masana, inapeza kuti ndi wamphamvu kuposa mmene zithunzi za setilaiti zinkaonetsera. Pofika usiku anali pa gulu la 5, ndipo pakati pa usiku womwewo anagunda Acapulco, mzinda wa anthu pafupifupi 800,000, ndi mphepo yoposa makilomita 250 pa ola. Anali wamng'ono m'lifupi, akudutsa pamadzi a madigiri pafupifupi 30, ndipo anamondwe ang'onoang'ono otere makompyuta amavutika kuwaona bwino. Boma la Mexico linatsimikiza omwalira pafupifupi 50. Ndinauza abwana kuti Otis ndi phunziro lathu ife olosera, koma pa mndandanda wa zimene zinagwera anthu sangakhale pamwamba pa Derna. Iwo anati chabwino, koma ndimupatse bokosi lake lofotokoza za anamondwe okula mofulumira. Zimenezo sindinatsutse.

Masana a tsiku lomwelo, mayi wina amene wakhala zaka zambiri akulandira ziwerengero za m'masiteshoni anaima kumbuyo kwathu n'kuwerenga pa kompyuta. Kenako anafunsa modekha kuti, "Ana inu, a ku Kalehe mwawasiya dala?"

Mndandanda wa mnyamata uja unachokera pa maina a anamondwe, ndipo mvula ya ku Kalehe inalibe dzina. Kumayambiriro kwa Meyi, kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, mitsinje inasefukira ndipo mapiri anagumukira midzi ya Bushushu ndi Nyamukubi m'mbali mwa nyanja ya Kivu. Omwalira anaposa 400, osowa anali ambiri kuposa pamenepo. Masiku ochepa izi zisanachitike, kutsidya ku Rwanda, mvula yamphamvu inali itapha anthu oposa 130. Titayamba kufufuza zopanda maina tinapezanso matope amene anatsika pa phiri la Hanang ku Tanzania kumayambiriro kwa Disembala, ndi madzi osefukira a ku Somalia, Kenya ndi Ethiopia mu Okutobala ndi Novembala, omwe anabwera pambuyo pa chilala cha nyengo zisanu za mvula zotsatizana. Kalehe yokha inapha anthu ochuluka kuposa Otis, Mawar, Lee ndi Jova kuwaphatikiza pamodzi. Kumeneko zoyezera mvula n'zochepa, ndiye mzere wa mamilimita tinausiya wopanda kanthu n'kulemba kuti palibe siteshoni yapafupi imene tinapeza ziwerengero zake.

Mocha tinamusiya pakati pa mndandanda. Anagunda pafupi ndi Sittwe ku Myanmar pa 14 Meyi ali wamphamvu kwambiri, koma anthu zikwi mazanamazana ku Myanmar ndi ku Bangladesh anali atasamutsidwa kale, ndipo omwalira sanayandikire n'komwe anthu oposa 138,000 amene Nargis anapha kapena kusowetsa m'dziko lomwelo mu 2008.

Lachisanu pa 12 WMO inatulutsa chiwerengero chake, madigiri 1.45, chophatikiza zopeza za mabungwe asanu ndi limodzi, ndipo tinasintha mzere woyamba wa tsamba la kutentha kuti manambala onse awiri aoneke. Lipoti linapita kwa abwana Daniel ali pamwamba, Freddy wachiwiri, Kalehe wachitatu. Jova ndi Lee anangotchulidwa m'ndime imodzi. Mnyamata uja anapempha kuti mndandanda wake wa mphepo ulowe kumapeto ngati chowonjezera, ndipo unalowa.

Madzulo ndinabwerera pa desiki la ulosi, chifukwa likulu la Météo-France la ku Réunion, lomwe limayang'anira anamondwe a kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya India, linali likutsata chimphepo china chomwe chinkasonkhana kumpoto kwa zilumba za Réunion ndi Mauritius. Kumapeto kwa sabata chinapatsidwa dzina lakuti Belal. Lolemba pa 15 anagunda Réunion, ndipo ku Port Louis m'dziko la Mauritius, kumene diso lake, pakati penipeni pa namondweyo, silinadutseko, madzi anakokolola magalimoto m'misewu ya mumzinda.