Yayaka tsopano: masiku anayi a sikirini yakuda, ndipo maso anga ali pa RX 9060 XT

Anzanga, kompyuta yanga yayaka (izi ndalemba kumapeto kwa Meyi 2025). Dzulo cha m'ma 11 usiku ndaona logo ya bodi (motherboard) pa sikirini CSM ili yozimitsa (CSM ndi mbali ya BIOS yolola kompyuta kuyaka mwa njira yakale, osati ya UEFI yatsopano), ndipo ndinangokhala phee pampando osagwira ngakhale mouse kuopa kuti mwina izimanso. Amene munawerenga zomwe ndinalemba mwezi watha mukudziwa kuti ndinachotsa purosesa ya Ryzen 5 1600 ija nkuikamo 5600 pa bodi yomweyo ya B450, zimenezo zinayenda bho, BIOS ndinaflasha masana kompyuta ili pa invetara chifukwa magetsi akangothima flash ili pakati basi bodi yapita. Mavuto anayamba nditafuna kuyatsa Resizable BAR (ReBAR), yomwe imalola purosesa kufikira memory yonse ya graphics card nthawi imodzi.

Chomwe ndimayifunira ndi chakuti nthawi imeneyo mtima unali pa graphics card ya Arc B580 ya Intel, 12GB pa madola 249, ndipo a Intel eni ake amanena kuti kadi imeneyi imafuna ReBAR kuti ithamange momwe iyenera kuthamangira. Nde mukudziwa, ReBAR imafuna Above 4G Decoding ikhale yoyatsa, CSM yozimitsa. Komanso Windows 10 a Microsoft anali atalengeza kuti asiya kuyisamalira pa 14 Okutobala 2025, Windows 11 imafuna UEFI ndi TPM 2.0, choncho ntchitoyi ndimayenera kuigwira basi, kaya ndigule kadi kaya ndisagule.

Lachinayi madzulo ndazimitsa CSM, F10, yazima, yayaka, mafani akuzungulira, keyboard ikuwala, koma sikirini bii. Ndipo 5600 ilibe graphics zake zamkati ndiye palibenso kosunthira chingwe kuti uoneko zomwe zikuchitika. Ndachotsa batire la CMOS, ndadikira, ndabwezera, yayaka bwinobwino chifukwa CSM yabwerera yokha. Maganizo anga anathamangira ku disiki, poti Windows imeneyi ndinaiika kalekale pa MBR, kagawidwe kakale ka disiki, pomwe UEFI imafuna GPT. Ndalemba mbr2gpt /validate /allowFullOS, komandi yoona ngati disiki ingasinthidwe kuchoka ku MBR kupita ku GPT, yakana. Ndafufuza, kupeza kuti imafuna ma primary partition asapitirire atatu pomwe ine ndinali nawo anayi, ndiye Lachisanu usiku wonse unathera kusamutsa mavidiyo a zinkhoswe ndi maukwati a anthu kupita pa external kuti ndifufute partition imodzi, ndipo mafayilo amenewo si osewera nawo, mkwati akakufunsa vidiyo yake sungamuuze nkhani za partition. Loweruka mmawa mbr2gpt yavomera, disiki yakhala GPT, Windows Boot Manager ikuoneka. Ndazimitsanso CSM ndili ndi chikhulupiriro chonse. Bii.

Apa mpamene mutu unaima. Ndasintha chingwe cha HDMI, ndayesa DisplayPort, ndayesa TV ya pabalaza, ndachotsa RAM kusiya imodzi, batire la CMOS lija ndalichotsa kambirimbiri mpaka kachitsulo kolipanira kanayamba kulefuka. Lamulungu ndikuchokera ku tchalitchi mpomwe zinandibwerera kuti aa, ikanakhala disiki, sikirini ya BIOS yokha ndikanaiona ndithu, chifukwa BIOS sidikira Windows kuti ijambule logo. Kutanthauza kuti kadi ndi yomwe sikulankhula ndi bodi. Mnzanga wina anandibwereka GTX 1050 Ti yake, ndaiika, CSM yozimitsa, pomwepo logo mbee.

Nde vuto linali RX 580 yanga. Kadi imeneyi ndinaigula kumapeto kwa 2022, Ethereum, ndalama ya crypto ija, itangosiya mining ya makadi mu Seputembala chaka chimenecho, nthawi yomwe ma 580 anadzadza paliponse motchipa. Wondigulitsayo ananenetsa kuti yake inali ya magemu basi. Koma amene ankachita mining ankasintha ma timing a memory mu BIOS ya kadi, ndipo ukaisintha choncho mbali ya UEFI ija siginecha yake imasokonekera, bodi imangoilandira CSM ikakhala yoyatsa. Zaka ziwiri ndi theka ndakhala nayo osadziwa poti CSM sindinaigwirepo. Chomwe chandipulumutsa ndi kaswitchi kakang'ono m'mphepete mwa kadi, ka dual BIOS, koti popanda tochi simungakaone. Ndazimitsa magetsi, ndakasuntha ndi chotokosera mmano, mbali inayo inali ndi BIOS yoyambirira yosakhudzidwa. Masiku anayi, kaswitchi kamodzi. Ngati muli ndi 570 kapena 580 yogula kwa munthu chonde yang'anani kaswitchi kameneka musanayambe kulimbana ndi disiki.

Nchifukwa chake masiku ano zakale ndimagula kwa mkulu mmodzi yekha ku Limbe amene amabweretsa makina a ex-UK, amakulola kuika chinthucho pa benchi yake nkuchiyesa ola lathunthu usanapereke ndalama, thermal paste wake ndi weniweninso osati zoyera zija zouma pa mwezi. Ndi yemwe anandipezera kompyuta ya OptiPlex yanga yoyamba yomwe ndinaikamo kadi ya low profile, chivundikiro osatsekeka, ndinkachimanga ndi waya koma inandigwirira ntchito zaka ziwiri.

Tsono ReBAR ndayatsa, ngakhale 580 sipindula nayo, koma m'masiku omwewa maganizo a B580 asintha. Mu Meyi 2025 ku chionetsero cha Computex ku Taipei a AMD analengeza kadi ya RX 9060 XT, kuti ituluka pa 5 Juni, ya 8GB madola 299, ya 16GB madola 349. A Nvidia anali atatulutsa kale RTX 5060 pa 19 Meyi, 8GB pa madola 299, ndipo ukafuna 16GB kwa iwo inali 5060 Ti ya madola 429. Chomwe chandikoka kwambiri ndi nkhani ya ma lane, tinjira ta data pakati pa kadi ndi bodi. B450 ndi PCIe 3.0, nde 5060 ndi B580 zonse zimagwiritsa ntchito x8 pomwe 9060 XT ndi x16 yonse, ndipo pa bodi yakale ngati yangayi kusiyana kumeneku kumamveka makamaka VRAM (memory ya kadi) ikadzadza kadi nkuyamba kubwereka RAM kudzera pa msewu wopapatizawo. Komanso oyesa makadi pa YouTube anaonetsa mu Januwale 2025 kuti B580 imataya liwiro pa magemu ena ikakhala ndi purosesa yakaleko. Intel ndikuwayamikira chifukwa 12GB pa mtengo umenewo inachititsa manyazi anzawo, koma ine 8GB mu 2025 sindigula kwa wina aliyense, 580 yangayi ndi ya 2017 ndipo ili kale ndi 8GB yomweyo, DaVinci Resolve, pulogalamu yokonzera mavidiyo, imaidya yonse ndikangoika noise reduction pa vidiyo ya mu holo ya mdima.

Wina anena kuti DLSS 4 ndi CUDA, matekinoloje a makadi a Nvidia, bwanji. Zoona, kumeneko Nvidia ali patsogolo ndipo zimandikoka, FSR 4, yankho la AMD ku DLSS, mu Meyi 2025 inali yatsopano ndipo magemu omwe anali nayo anali ochepa. Koma madola 80 osiyanitsa 5060 Ti ndi 9060 XT ya 16GB kuno si masewera. Mitengo ya pa siteji ija ife sitiiona, kadi iyambe yafika ku Johannesburg, msonkho wa kumeneko, achimwene andigulire, ikwere basi, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 forex kuipeza ndi nkhondo ina payokha. Ife timagula kadi imodzi ya zaka zisanu kapena kuposa, ndiye memory ndi yomwe imakalamba msanga kuposa china chilichonse. China chondisangalatsa, 580 imakoka mawati 185 pomwe 9060 XT ya 16GB akuti 160, invetara yanga ipumako.

Ku mapurosesa sindisuntha mu 2025 ngakhale 9800X3D imandilowa m'maloto, inatuluka pa madola 479, kuphatikiza bodi ya soketi ya AM5 kuphatikiza DDR5, ayi ndithu. AMD analonjeza kuti AM5 ipitirira mpaka 2027 ndi kupyola, ndiye palibe chothamangira, ndidikira mapurosesa a Zen 6 ndione. Koma ndikufunitsitsa Intel adzuke ndi 18A, njira yawo yopangira ma chip, ndi mapurosesa a Panther Lake, chifukwa Core Ultra 200S ija ya LGA1851 pa magemu sinagwedeze munthu, ndipo AMD akatsala okha pamwamba tidzalira tonse. Enanu mukukumbukira zaka zija i7 ya anthu wamba inkangokhala ya ma core anayi, Ryzen itangobwera mu 2017 chaka chomwecho 8700K inatuluka ndi asanu ndi limodzi. Ndipo AM4 yomweyi, soketi ya bodi yangayi, mpaka Januwale 2024 inalandira 5700X3D, mwina imeneyo ndi yomwe idzakhale yomaliza pa bodi yangayi ikapezeka yogwiritsidwa kale ntchito.

Chotsatira ndi Windows 11 weekend ino magetsi akalola, kenako kudikira ma review a pa 5 Juni ndione ngati x16 ija ikuthandizadi pa PCIe 3.0. 1600 ija ndikufuna ndiipezere bodi yotchipa ikhale seva ya mnyumba yosungira mavidiyo a makasitomala, ndipo zonsezi tsiku lina zidzayendera solar, kompyuta, seva, rauta, ndi monitor yachiwiri yomwe sindinagule. Ngati alipo amene akutsika kuchokera ku Joni kumapeto kwa Juni ndipo mchikwama muli malo a bokosi limodzi, tiyankhulane.