Lamulo la 2013 ndalimvetsa nditaona chilonda cha paphazi

Sabata ino ndakhala ndikuwerenga malamulo a mankhwala akuno ku Britain pokonzekera mayeso. Ndili chaka chachiwiri cha podiatry, maphunziro osamalira ndi kuchiza mapazi, ndipo mutu umenewu poyamba ndimautenga ngati wongoloweza madeti basi.

Nkhani yake ili chonchi, kale podiatrist amangololedwa kupereka mankhwala ochepa omwe anali pa mndandanda, kuphatikizapo jekeseni yochititsa dzanzi pochotsa chikhadabo cholowa m'mnofu. Mu 2005 anawalola kulemba mankhwala koma motsatira dongosolo lomwe agwirizana ndi dokotala. Kenako mu Ogasiti 2013 lamulo linasintha ku England, iwo pamodzi ndi ma physiotherapist, omwe amachiza pophunzitsa mafizo, anayamba kulemba paokha, ndipo mu 2015 anawonjezerapo mankhwala anayi a gulu lomwe lamulo limaliteteza kwambiri, diazepam, lorazepam, temazepam ndi dihydrocodeine, akumwa okhaokha. Digiri payokha siikupatsa mphamvu imeneyi ayi, umayamba wagwira kaye ntchito, nkukachita kosi ina, kenako bungwe la HCPC, lomwe limayang'anira ogwira ntchito ngati yathuyi, nkulemba chilolezocho pa dzina lako m'kaundula.

Ine zinandidabwitsa kuti zinatenga nthawi yonseyi, poti kwathu ku Malawi ma clinical officer amalemba mankhwala ngakhale kuchita maopaleshoni kumene kuyambira kalekale, chifukwa madokotala ndi ochepa.

Koma pomwe zinandilowa mumtima ndi ku placement, komwe timakaphunzira ntchito pa odwala enieni. Kunabwera bambo ena achikulire odwala shuga, chilonda chili kunsi kwa chala chachikulu, pozungulira pofiira komanso potentha, fungo layamba, koma eni ake akuti sakumva kuwawa kulikonse. Tinawayeza ndi kaulusi kaja ka monofilament ka magalamu 10, sanamve olo pamodzi, shuga inapha kale mitsempha. Ndiye anali oti penicillin sayanjana naye, moti flucloxacillin yemwe amayambira kupereka nthawi zambiri sakanatheka poti naye ndi wa gulu la penicillin. Mayi omwe amandiyang'anira anatsuka chilondacho, kuchotsa khungu lakufa, kuyang'ana zotsatira za impso ndi mankhwala ena onse omwe bambowo amamwa, nkulemba mankhwala ena pompo, kenako nkuwatumiza ku gulu loona za mapazi a odwala shuga, poti malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala kuno, amati chilonda chotere chitumizidwe pasanathe tsiku limodzi logwira ntchito. Kale ikanakhala kalata yopita kwa GP, dokotala wa kudera kwa wodwalayo, wodwala nkumadikira uku chilonda chikunyeka.

Ndinakumbuka amalume anga kumudzi. Anabayidwa ndi minga kumunda osamva, chinayamba ngati kachilonda kachabe ndipo pomafika kuchipatala kunali kudula mwendo basi. Ndikanadziwa zomwe ndikudziwa panozi bwenzi ndikuwauza kuti aziyang'ana kunsi kwa mapazi madzulo aliwonse.

Ena amadandaula kuti munthu wophunzira phazi angalakwitse poti mankhwala amayenda thupi lonse, ndipo nkhawa imeneyo ine sindikuipeputsa, mankhwala opha tizilombo a clarithromycin ukampatsa munthu womwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, magazi atha kumatuluka osaleka. Nchifukwa chake ndabwerera ku manotsi a pharmacology, phunziro la momwe mankhwala amagwirira ntchito m'thupi, omwe ndimangowadutsa mothamanga aja, usiku uno ndili pa impso ndi momwe zimachotsera mankhwala m'thupi, mawa ndiyamba za chiwindi.