Zikomo kwa inu nonse amene munandiphunzitsa kuwerenga zotsatira zanga za SAT

Zotsatira za mayeso anga a SAT, omwe amalembedwa pofuna malo ku makoleji a ku America, zatuluka Lachisanu lapitali. Ndapeza 1270 pa 1600. Ndakhala masiku angapo osalemba chilichonse pano chifukwa ndimafuna ndiyambe ndathokoza anthu ena pamaso, kuti asamve nkhaniyi pa intaneti ngati alendo. Tsopano ndawaona onse, ndiye ndiloleni ndiwathokozenso poyera. Anthu amenewa andinyamula miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ambiri a inu simukudziwa mmene zinalili.

Ndinalemba koyamba mwezi wa Malichi. Mayesowa masiku ano amalembedwa pa kompyuta, pa pulogalamu yotchedwa Bluebook, ndipo amatenga maola awiri ndi mphindi 14. Pamakhala mafunso 54 a kuwerenga ndi kulemba Chingerezi, kenako 44 a masamu, ndipo phunziro lililonse lili ndi zigawo ziwiri. Tsiku limenelo chigawo choyamba cha masamu chinandizunguza mutu, koma chachiwiri chinali chofewa moti ndinamaliza nthawi idakalipo. Ndinatuluka ndikumwetulira. Ndinafika kunyumba n'kuwauza Mayi kuti masamu ayenda bwino kuposa mmene ndimaopera.

Patatha pafupifupi masabata awiri ndinalowa mu akaunti yanga ya College Board, bungwe loyendetsa mayesowa, n'kuona 1120. Chingerezi 620, masamu 500.

Kunyumba kunali maganizo awiri, ndipo onse anali olakwika. Malume anawerengera pa foni yawo kuti 1120 pa 1600 ndi 70 pa 100, n'kunena mosangalala kuti, "Mwana wakhoza uyu, mukudandaulanji?" Ine ndinali nditazolowera magulu a pa intaneti momwe anthu amaikamo zithunzi za 1500 ndi 1550, ndiye kwa ine 1120 inali kulephera basi. Usiku umenewo sindinagone. Ndimangoganiza za ndalama zimene Malume analipira, ndi mmene ndinawatsimikizira Mayi za masamu aja. Kwa sabata yathunthu ndinazemba foni ya aphunzitsi anga.

Madamu, ndikuyamba ndi inu. Munandiphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo udindo wanu pa ine unatha tsiku limene ndinachoka pa sukulu, koma munabwerabe kudzandifuna nditasiya kuyankha foni. Simunandifunse chifukwa chake ndimakuthawani. Munangoti, "Tatsegula lipoti lonse, iwe waona nambala imodzi yokha." Zinali zoona. Ndinali ndisanatsike n'komwe m'munsi mwa tsambalo.

Munayamba ndi kundiuza kuti mayesowa alibe malire a kukhoza ndi kulephera. Malikisi ake sayambira pa ziro koma pa 400, chifukwa phunziro lililonse limayambira pa 200 kukafika 800, choncho kuwerengera kwa Malume kuja sikugwira ntchito ngakhale kunali kwa mtima wabwino. Kenako munandisonyeza chimene amati percentile, chomwe ine ndimachitenga ngati malikisi a pa 100. Munati ngati palembedwa 60, ndiye kuti pa anthu 100 aliwonse amene akukuyerekeza nawo, 60 apeza zofanana ndi iwe kapena zochepera. Nambalayo imanena pamene waima pakati pa anzako, osati kuchuluka kwa mafunso amene wakhoza. Munandionetsanso miyeso iwiri imene College Board inaika yosonyeza kuti wophunzira wakonzeka kuyamba maphunziro a ku koleji: 480 pa Chingerezi, 530 pa masamu. Chingerezi changa chinali pamwamba ndithu. Masamu anapelewera ndi 30. Apa mpamene mtima unayamba kukhala m'malo, chifukwa "ndalephera" anasanduka chinthu chimene ndingathe kuchiloza ndi chala.

M'munsi mwa lipoti muli timizere tosonyeza mphamvu za munthu pa mitu isanu ndi itatu, inayi ya Chingerezi ndi inayi ya masamu. Mafunso enieniwo sakubwezera, koma timizereto timalankhula. Kanga ka alijebura kanali kakafupi, ka Advanced Math (masamu ozama) n'kuposa apo, pomwe ka mafunso a ziwerengero ndi matebulo kanali bwinobwino. Inu munati, "Waona? Si masamu onse. Ndi malo awiri."

Chimene chinandipweteka kwambiri munachisunga komalizira. Nditakuuzani kuti sindikumvetsa chifukwa chigawo chachiwiri chinali chofewa, munakhala chete pang'ono, kenako munandifotokozera kuti mayesowa amasintha malinga ndi mmene wayankhira. Ukachita bwino pa chigawo choyamba, chachiwiri chimabwera chovuta, ndipo ndi chimene chimatsegula njira ya malikisi apamwamba. Ukavutika pa choyamba, amakupatsa chofewerapo, ndipo ngakhale ukhoze mafunso ake onse sungafike pamwamba penipeni. Ndiye kufewa kuja kumene kunandimwetulitsa kunali chizindikiro chakuti ndapunthwa kale. Ndinalira pamaso panu. Munandisiya ndilire, kenako munatenga pepala n'kuyamba kulemba ndondomeko ya masabata. Madamu, Loweruka lililonse m'mawa, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, osalandira kanthu. Mulungu akubwezereni zimene ine sindingathe.

Alamu anga, laputopu yanu ndi yomwe mumagwirira ntchito, koma madzulo aliwonse mumaisiya m'manja mwanga. Mayeso oyeserera a pa Bluebook ndinalembera pa iyo onse, ndikudziyika nthawi ngati tsiku lenileni, ndi kupuma kwa mphindi 10 pakati. Ubwino wa oyesererawo ndi wakuti amakuonetsa funso lililonse limene walakwa ndi chifukwa chake, zomwe lipoti la mayeso enieni silichita. Tsiku la mayeso munanditengera nokha ku malo olembera, mutaitchaja usiku wonse. Zikomo alamu.

Anzanga atatu a gulu lathu lowerengera, sinditchula mayina chifukwa ndikudziwa kuti simungakonde. Mmodzi wa inu ndi amene anandiphunzitsa kugwiritsa ntchito Desmos, makina owerengera amene ali m'kati mwa pulogalamu ya mayeso momwemo. Ine mu Malichi ndinangoyang'ana kabataniko osakakhudza, ndimathetsa chilichonse pa pepala mpaka nthawi kundithera pa chigawo choyamba chija. Wina anandikumbutsa kuti kulakwa sikuchotsetsa malikisi, ndiye palibe chifukwa chosiya funso losayankha. Wachitatu ndi amene anabweretsa nzeru ya kope la zolakwa: funso lililonse limene walakwa ulilembe, ulembenso ngati unalakwa chifukwa chosadziwa, chothamanga, kapena chosamvetsa Chingerezi cha funsolo. Kope langa linadzaza, ndipo ndinadabwa kuona kuti mafunso ambiri a masamu ndimawalakwa pa chiganizo, ndisanafike n'komwe pa manambala. Maphunziro aulere a pa Khan Academy timagawana mitu, aliyense n'kudzafotokozera anzake. Panali masiku ena pamene ndimabwera nkhope ili yakugwa, inu n'kumangopitiriza ngati simukuona, mpaka nanenso ndalowa m'nkhani. Ndimaona, ndipo ndimayamika.

Malume, munalipira kachiwiri. Ndinachita manyazi kukupemphani, moti Mayi ndi amene anakuuzani. Munandiitana n'kunena kuti, "Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukalembenso." Munaonjezera kuti mwamva kuti masamu anu a 70 pa 100 aja sanali olondola, ndiye ndikufotokozereni bwino kuti ulendo uno muwerenge nane limodzi. Munthu wamkulu kukhala pansi kumvetsera mwana akulongosola za percentile, ine zinandilimbitsa mtima kuposa mmene mungaganizire.

Mu Okutobala ndinalembanso. Chigawo choyamba cha masamu ndinachiyankha modekha, ndikubwereza yankho lililonse. Chachiwiri chitatseguka ndinaona mafunso amene anandiumitsa pakamwa. Atatu omaliza ndinangosankha nthawi ikutha. Mutu umadziwa tanthauzo lake, koma mtima sumamva, ndinatuluka misozi ili m'maso. Ndinawaimbira Madamu ndili panja pomwepo. Anati, "Chavuta? Ndiye kuti mwina wadutsa choyamba bwino. Koma tisayambe kuvina, tidikire." Masiku 13 amenewo anali ataliatali.

Lachisanu ndinatsegula Mayi ali pambali panga. Masamu 670. Chingerezi 600.

Chingerezi chatsika ndi 20, ndipo ndikanakhala wa mu Malichi uja ndikanadandaula nazo usiku wonse. Koma tsopano ndimadziwa kuyang'ana manambala awiri amene amalembedwa pafupi ndi malikisi, osonyeza kuti munthu yemweyo atalemba tsiku lina akhoza kukwera kapena kutsika pang'ono popanda kusintha nzeru zake. 620 ndi 600 ndi munthu mmodzi yemweyo. Kuchoka pa 500 kufika pa 670 ndiye kusintha kwenikweni.

Msuweni wanga amene ukuphunzira ku America, iwe unandithandiza pa funso limene linatsala: 1270 ndi yabwino kwa ndani? Unadzuka pakati pa usiku chifukwa cha kusiyana kwa nthawi kuti tilankhule. Unandionetsa kuti makoleji ambiri amafalitsa manambala awiri, wotsika ndi wokwera, ndipo theka la ophunzira awo atsopano amene anapereka zotsatira ali pakati pa manambalawo. Ndi pamenepo pamene munthu amadziyeza, sukulu ndi sukulu, osati pa zithunzi za m'magulu. Unandiuzanso za superscore, kuti masukulu ambiri amatenga malikisi apamwamba a phunziro lililonse ngakhale unawapeza pa masiku osiyana. Kwa amenewo ine ndili ndi 620 kuphatikiza 670, yomwe ndi 1290. Moti mayeso a mu Malichi aja amene ndimafuna nditawaiwala akundithandizabe. Unandichenjeza kuti ndiziwerenga malamulo a sukulu iliyonse payokha, chifukwa ena amafuna zotsatira, ena amakusiyira kuti usankhe, ndipo zinthu zikusintha. Mwa mayunivesite otchuka a ku America, MIT inayambiranso kufuna mayeso mu 2022, Dartmouth, Brown ndi Harvard analengeza zomwezo mu 2024, pomwe University of California siyang'ana n'komwe SAT posankha ophunzira.

Ndinene mosabisa, 1270 si nambala ya ku MIT kapena ku Harvard, ndipo sindikupempha malo kumeneko. Pa mndandanda wanga pali masukulu asanu ndi limodzi. Pa anayi ndili m'kati mwa manambala awo kapena pamwamba pang'ono, ndipo kumeneko nditumiza zotsatira. Pa awiri ndili m'munsi, ndipo popeza amalola kusatumiza, tikukambiranabe. Malo sindinapeze, thandizo la fizi sindinapeze, mafomu ndi makalata zikundidikira. Koma ndikudziwa pamene ndaima, ndipo ndasangalala.

Mayi, ndakusiyani komalizira dala. Inu simunafunsepo kuti Desmos ndi chiyani. Munangoona kuti mwana wanu akufunika nthawi, n'kutenga ntchito zanga za pakhomo kuziwonjezera pa zanu, miyezi yonseyi, osatchulapo ngakhale kamodzi. Sabata ija imene ndinadzitsekera, mumabwera kudzakhala pamphepete pa bedi osanena kanthu. Lachisanu nditakuwerengerani manambala munandifunsa kuti, "Ndiye ndi zabwino, mwanangu?" Ndinati inde Mayi, ndi zabwino, ndipo ulendo uno ndimadziwa chimene ndikunena. Munagwada pomwepo n'kupemphera.

Laputopu ndabweza dzulo kwa alamu. Ndawapempha kuti Bluebook asaichotse, chifukwa mng'ono wa mnzanga wina wa pagulu lathu akulemba mu Malichi, ndipo ndamulonjeza kuti Loweruka lililonse m'mawa ndizikhala naye. Kope la zolakwa lija ndamupatsa kale.